Dotolo wabwino amafunsa za m'mphika: momwe ophunzira udotolo amaphunzirira za kadyedwe pa nkhani za odwala

Maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga amadziwika ndi ulimi. Nthawi yokolola magalimoto amanyamula chimanga, nyemba, soya ndi mbatatesi kupita ku Tete, ku Beira ndi kutsidya kwa malire. Koma pofika Januwale ndi Febuluwale, m'zipatala za m'madera omwewa mumagonekedwa ana otupa mapazi ndi ena onyentchera, ndipo ena mwa iwo amachokera m'mabanja amene anakolola bwino.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa m'chaka cha 2011 anapeza kuti ana 43 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko la Moçambique anali opinimbira, ndiko kuti msinkhu wawo sunkagwirizana ndi zaka zawo chifukwa chosowa zakudya zoyenera ndi kudwaladwala. Kafukufuku wa 2022 mpaka 2023 anapeza ana 37 pa 100. Chiwerengero chatsika, koma vuto likadali lalikulu.

Mwana wotere akafika kuchipatala, moyo wake umakhala m'manja mwa dotolo kapena namwino amene wamulandira. Ngati wachipatalayo akudziwa mankhwala okha, koma sadziwa kufunsa zimene mwanayo amadya, angathe kuchiza kutsekula m'mimba lero, mwana n'kubweranso patapita mwezi umodzi ali woipirapo. N'chifukwa chake sukulu zambiri za udotolo zinasintha kaphunzitsidwe: ophunzira amapatsidwa nkhani ya wodwala kuti aifufuze okha. Lero tifotokoza momwe njira imeneyi imayendera, ndi mbali imene inu alimi muli nayo.

Vuto linali pati?

Kwa nthawi yaitali, za kadyedwe zinkapatsidwa malo ochepa m'maphunziro a udotolo, ngakhale m'maiko olemera. Ku United States, ofufuza anapeza kuti pa zaka zinayi za maphunziro, wophunzira amaphunzira za kadyedwe maola pafupifupi 19 okha. M'chaka cha 2019, magazini ya zaumoyo ya The Lancet Planetary Health inafalitsa kafukufuku amene anaunika zotsatira za m'maiko osiyanasiyana. Anapeza kuti ophunzira udotolo amamaliza sukulu asanadziwe mokwanira za kadyedwe, ndipo sadzidalira polangiza odwala.

Kaphunzitsidwe nako kanali ndi vuto. Mphunzitsi ankaima kutsogolo n'kumatchula maina a mavitamini ndi ntchito zake, ophunzira n'kumalemba ndi kuloweza kuti akakhoze mayeso. Koma wodwala safika kuchipatala atalemba pachipumi kuti akusowa vitamini wakutiwakuti. Amafika ndi chifuwa, zilonda, kufooka kapena kutsekula m'mimba. Dotolo ndiye ayenera kulumikiza zizindikirozo ndi zimene zili m'nkhokwe ndi m'mphika wa kunyumba kwa wodwalayo. Luso limeneli silibwera ndi kuloweza.

Njira yophunzirira pa nkhani ya wodwala

Kuphunzitsa udotolo poyambira pa vuto la wodwala kunakhazikika pa yunivesite ya McMaster ku Canada m'chaka cha 1969, ndipo yunivesite ya Maastricht ku Netherlands inathandiza kufalitsa njirayi m'zaka zotsatira. Kuno kwathu, sukulu ya udotolo ya Universidade Católica de Moçambique ku Beira imadziwika ndi kaphunzitsidwe kameneka. Ku Nampula, yunivesite ya Lúrio ili ndi ndondomeko yotchedwa Um Estudante, Uma Família, imene wophunzira wa zaumoyo amapatsidwa banja loti azilichezera ndi kuona momwe likukhalira. Cholinga n'chimodzi: wophunzira akumane ndi moyo weniweni wa anthu asanavale jekete loyera.

M'kalasi zimayenda motere. Ophunzira amakhala m'gulu laling'ono, kawirikawiri anthu osapitirira khumi, pamodzi ndi mphunzitsi mmodzi. Amapatsidwa nkhani ya wodwala, yolembedwa kuchokera pa zimene zimachitika m'chipatala, koma dzina ndi mudzi zitachotsedwa. Nkhaniyo saipereka yonse nthawi imodzi. Amayamba ndi tsamba loyamba, ophunzira n'kukambirana zimene akuganiza kuti zikumuvuta wodwalayo ndi mafunso amene angamufunse. Akatero amalandira tsamba lachiwiri. Zimene sakuzidziwa amazilemba, amapita kukawerenga, ndipo amakumananso patapita masiku angapo. Mphunzitsi sapereka yankho msanga. Ntchito yake ndi kufunsa kuti, "Mwadziwa bwanji?" ndiponso, "Nanga mukanapanda kufunsa zimenezo chikanachitika n'chiyani?"

Nkhani yoyamba: mwana wotupa mapazi

Tiyerekeze nkhani yonga imene ophunzira angapatsidwe. Tsamba loyamba likuti: ndi mwezi wa Febuluwale. Agogo aakazi abwera ndi mdzukulu wawo wa chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi umodzi. Mwana wakhala akutsekula m'mimba kwa sabata. Mapazi onse awiri ndi otupa, tsitsi lake lafiira ndipo likusosoka, sakusewera, akukana chakudya.

Apa ophunzira amayamba kutchula matenda: mwina impso, mwina mtima, mwina njoka za m'mimba, mwina malungo. Wina angati mwanayo si wonyentchera chifukwa pa sikelo akulemera ndithu. Mphunzitsi amangofunsa kuti, "Kulemerako ndi kwa mnofu kapena kwa madzi?" Ophunzira amaphunzira kudina pamwamba pa mapazi onse awiri ndi chala kwa masekondi atatu. Pakatsala kadzenje mbali zonse ziwiri, ndiye kuti kutupako kungakhale kwa kusowa zakudya, matenda otchedwa kwashiorkor. Dzina limeneli linachokera m'chinenero cha Chiga cha ku Ghana, ndipo amene analilowetsa m'mabuku a zachipatala ndi dotolo wina wamkazi, Cicely Williams, m'zaka za m'ma 1930. Anthu a kumeneko ankatchula motero matenda a mwana amene wachotsedwa kubere chifukwa m'bale wake akubwera.

Tsamba lachiwiri limaperekedwa pokhapokha ophunzira atafunsa za kunyumba. Likuti: mayi a mwanayo ali ndi pakati pena. Atazindikira, anamusiyitsa kuyamwa tsiku limodzi n'kumutumiza kwa agogo, poopa kuti mkaka wa mayi woyembekezera ungamudwalitse. Kwa agogo amadya phala la ufa woyera lothira mchere kawiri pa tsiku, ndi nsima pang'ono madzulo m'mbale imodzi ndi ana aakulu. Banjali linakolola soya ndi mtedza, koma linagulitsa zonse mu Juni kuti lipeze ndalama za feteleza. Nkhuku zilipo, koma mazira amasungira anapiye. Agogo akuti mwanayo wadulidwa, ndipo anayamba apita naye kwa sing'anga.

Pamenepa pali maphunziro angapo. Wophunzira amaona kuti banjali silinasowe chakudya chomanga thupi m'munda, koma kuti chakudyacho sichinafike m'mbale ya mwana. Amaphunziranso kulankhula ndi agogo mwaulemu. Akawaseka pa nkhani ya tsempho, agogowo angatenge mwana usiku n'kuthawa naye. Wachipatala wanzeru amati, "Agogo, mwachita bwino kubwera naye. Za kumudzi mudzakambirana ndi akuluakulu, koma mwanayu thupi lake lafooka kwambiri, tiloleni timuthandize kaye."

Tsamba lachitatu ndi la chithandizo, ndipo apa m'pamene kulakwitsa kumapha. Ophunzira amayeza mkono wa mwana ndi kalamba kamitundu itatu. Kwa mwana wa miyezi 6 mpaka 59, mkono wosakwana masentimita 11.5 umasonyeza kunyentchera koopsa, ndipo pakati pa 11.5 ndi 12.5 ndiye kuti vuto layamba. Amayezanso malungo, HIV ndi chifuwa chachikulu, chifukwa matenda amenewa amayendera limodzi ndi kunyentchera. Popeza mwanayu watupa, akudwala ndiponso akukana kudya, ayenera kugonekedwa.

Mphunzitsi amawasiya ophunzira kuti anene zimene angachite. Wina amati amuike diripi chifukwa akutsekula. Wina amati ampatse mankhwala okodzetsa kuti kutupa kuthe. Wina amati ampatse chakudya chambiri ndi mankhwala oonjezera magazi. Zonsezi zikumveka zanzeru, koma kwa mwana wotere n'zoopsa. Mtima wake ndi wofooka, choncho madzi olowetsa m'mitsempha mofulumira angaulemetse mpaka kuima. N'chifukwa chake diripi imaikidwa pokhapokha mwana atafika pangozi yeniyeni, ndipo mosamala kwambiri. Mankhwala okodzetsa sachiza kutupa kwa mtundu umenewu. Mankhwala a ayironi saperekedwa masiku oyamba chifukwa angakulitse matenda amene ali kale m'thupi. Chimene malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amanena ndi kumufunditsa mwana kuti asazizidwe, kumupatsa mankhwala opha tizilombo, ndi kumumwetsa mkaka wapadera wotchedwa F-75 pang'onopang'ono maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku, kuti shuga asatsike m'thupi. Kutupa kukayamba kuphwa ndipo mwana akayamba kufuna chakudya, m'pamene amamusinthira ku F-100 kapena ku chiponde chachipatala chija cha m'mapaketi.

Ubwino wa njira imeneyi uli apa: wophunzira amalakwitsa papepala, pamene palibe mwana amene angafe, ndipo cholakwa chimenecho sachiiwala.

Tsamba lomaliza ndi tsiku lotuluka m'chipatala. Ophunzira amauzidwa kuti alangize banjali pogwiritsa ntchito zokhazo zimene zimapezeka m'mudzimo mu Malichi. Kunena kuti "muzimudyetsa zakudya za magulu onse" sikuloledwa. Ayenera kutchula zinthu: phala la mgaiwa lolimbako, losayoyoka pa supuni, lothira nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, dzira, usipa kapena matemba osinja, nkhwani, bonongwe kapena chisoso, kasupuni ka mafuta ophikira. Mwana adye katatu kapena kanayi pa tsiku, ndi tizakudya tina pakati, m'mbale yakeyake kuti aone kuchuluka kwa zimene wadya. Ayeneranso kufotokoza kuti mayi amene pakati pake pali bwino angathe kupitiriza kuyamwitsa, ndi kuti chiponde chachipatala ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si chogawana ndi abale ake. Ndipo ayenera kuitana bambo a mwanayo, chifukwa m'mabanja ambiri ndiwo amene amalamula za kugulitsa zokolola.

Nkhani yachiwiri: khungu lothetheka

Nkhani ina ingakhale ya mayi wa zaka 35 amene khungu lake lada ndi kuthetheka m'khosi, m'manja ndi pamwamba pa mapazi, malo amene amawombedwa ndi dzuwa. Akutsekula m'mimba, ndipo abale ake akuti masiku ano akumaiwala zinthu ndi kulankhula zosamveka. Wophunzira wofulumira amalemba mafuta odzola pakhungu. Amene wafunsa za chakudya amamva kuti kwa miyezi inayi mayiyu wakhala akudya nsima ya ufa woyera ndi masamba basi.

Amenewa ndi matenda a pelagra, obwera chifukwa chosowa vitamini B3. Chimanga chili naye vitamini ameneyu, koma womangika mwa njira yoti thupi limalephera kumutenga. Ku Mexico, kumene chimanga chinachokera, amachiphika ndi laimu kapena phulusa, ndipo zimenezi zimamumasula. Kwathu kuno chimene chimatiteteza ndi ndiwo: mtedza, nyemba, nsomba, nyama ndi mazira. Anthu omwa mowa kwambiri ndi amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu otchedwa isoniazid ali pachiopsezo chachikulu.

Akuluakulu a m'malire muno akukumbukira nthawi ya nkhondo, pamene anthu ambiri anathawira ku Malawi. M'chaka cha 1990, anthu oposa 18,000 mwa othawa kwawo a ku Moçambique anadwala pelagra kumeneko, ndipo amayi ndiwo anadwala kwambiri kuposa abambo. Ofufuza anapeza kuti mliriwo unabuka mtedza utasowa kwa miyezi ingapo pa chakudya chimene ankagawa. Mankhwala ake ndi mapilitsi a vitamini yemweyo, ndipo wodwala amayamba kupeza bwino m'masiku ochepa. Koma ngati dotolo sanazindikire, munthu angasokonezeke mutu mpaka kufa. Kusiyana kwa ziwirizi ndi funso limodzi la zimene wodwala amadya.

Nkhani yachitatu: miyendo youma

Pali nkhani ina yochitika imene ikuonetsa bwino chifukwa chake dotolo ayenera kudziwa za kukhitchini. M'chaka cha 1981, pa nthawi ya chilala, anthu oposa 1,000 kumpoto kwa chigawo cha Nampula, makamaka m'boma la Memba, anauma miyendo mwadzidzidzi. Ambiri anali amayi ndi ana. Anthu a kumeneko anatcha matendawa mantakassa, ndipo m'mabuku a zachipatala amatchedwa konzo. Gulu la ofufuza a Unduna wa Zaumoyo, mmodzi mwa iwo ali dotolo Julie Cliff, linapeza kuti gwero lake linali chinangwa chowawa. Chifukwa cha njala, anthu ankachidya chisanakonzedwe mokwanira kuti poizoni wake achoke, ndipo analibe ndiwo zomanga thupi zothandiza kuchotsa poizoniyo m'thupi.

Konzo alibe mankhwala ochiza: mwendo ukauma, wauma. Koma kupewa n'kotheka. Anthu a m'mbali mwa nyanja ku Niassa, amene amadya kondowole, amadziwa kuti chinangwa chowawa chimavikidwa m'madzi masiku angapo mpaka chitafewa, kenako n'kuyanikidwa. Wophunzira amene wadutsa m'nkhani imeneyi akadzaona mwana wouma miyendo yonse iwiri m'chaka cha chilala, adzafunsa kuti chinangwa chinakhala masiku angati m'madzi, ndipo adzachenjeza mudzi wonse ena asanapuwale.

Zovuta za njira imeneyi

Njirayi ili ndi zofooka zake. Imafuna aphunzitsi ambiri, chifukwa gulu lililonse laling'ono liyenera kukhala ndi womalitsogolera, ndipo imadya nthawi. Imafunanso mabuku ndi intaneti kuti ophunzira akafufuze okha. Nkhani zimene zinalembedwera maiko ena sizithandiza kwenikweni kuno: wophunzira amene waphunzira kulangiza za zakudya za m'masitolo a ku Ulaya adzasowa chonena kwa mayi wa ku Domué kapena ku Furancungo. Nkhani zabwino ndi zolembedwa kuchokera m'zipatala zathu, zotchula ufa woyera, ganyu, miyezi ya njala ndi mitengo ya pamsika.

Komanso dotolo sangadzaze nkhokwe ya munthu. Ngati m'nyumba mulibe chilichonse, malangizo okha sakwanira. N'chifukwa chake nkhani yolembedwa bwino imamufikitsa wophunzira pofunsa kuti angagwire ntchito ndi yani: anamwino a kusikelo, ma APE amene amayendera midzi, mafumu, ndi alangizi a zaulimi. Chitsanzo ndi mbatata yofiira m'kati. Kafukufuku amene anachitika m'chigawo cha Zambézia anaonetsa kuti ana amene amadya mbatata imeneyi amakhala ndi vitamini A wochuluka m'thupi, ndipo m'chaka cha 2016 Maria Andrade, katswiri wa mbatata amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Moçambique, anali mmodzi mwa olandira mphotho ya World Food Prize chifukwa cha ntchito imeneyi. Yunivesite ya Zambeze ili ndi sukulu ya zaumoyo mumzinda wa Tete ndi ya zaulimi ku Ulónguè. Nkhani ya mwana wotupa mapazi ikukhudza ophunzira a mbali zonse ziwirizi.

Mbali yanu ndi iti?

Nkhani zimene ophunzira amaphunzirapo zimachokera kwa inu. Mukadzapita kuchipatala n'kupeza wophunzira kapena dotolo wachinyamata akufunsa kuti mwana anadya chiyani dzulo kuyambira m'mawa mpaka usiku, musaganize kuti akukunyozani kapena akutaya nthawi. Funso limenelo ndi gawo la kuyeza, monga kuyeza magazi. Yankhani zoona. Ngati mwana anadya phala lopanda kanthu, nenani choncho. Ngati munamusiyitsa bere, nenani liti ndi chifukwa chake. Ngati munamupatsa mankhwala achikuda, musabise. Amene amamudyetsa mwana tsiku ndi tsiku, kaya ndi agogo kapena mlongo wake wamkulu, ndi bwino abwere nawo, ndipo musaiwale khadi la kusikelo.

Inunso muli ndi ufulu wofunsa. Mukapatsidwa mankhwala okha, funsani kuti, "Nanga kunyumba ndizimudyetsa chiyani?" Akatchula chakudya chimene simungachipeze, auzeni zimene muli nazo kuti muganizire limodzi.

Musadikire ngati mwana watupa mapazi onse awiri, waonda kwambiri, akukana kuyamwa kapena kudya, kapena wafooka moti sakulira ngati kale. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, mutamufunditsa bwino. Mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, kenako apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo akudya zakudya zina. Ndipo pokolola chaka chino, mavenda asanafike ndi sikelo zawo, yambani mwapatula mtedza, soya ndi nyemba za ana ndi za mayi woyembekezera, zouma bwino ndi zopanda chuku, zokwanira kufika nazo Malichi.